Chaka Chimene Ndinayima Pagolo ku Yunivesite

Ana inu, chithunzi chija chili pamwamba pa kabati kuno ku Nancholi mwachiseka mokwanira. Iwe Tadala unati ndikuoneka ngati thumba la makala lovekedwa jezi, ndipo mlongo wako Chisomo anafunsa ngati mpirawo unali wa odwala nyamakazi. Sekani, ndinu adzukulu, mwambo ukukulolani. Koma popeza Tadala akupita ku yunivesite mwezi ukubwerawu, ndati ndilembe za chithunzicho. Ndikamafotokoza pakamwa mumandidula, ndipo khutu limodzi limakhala m'foni.

Ine sukulu sindinaiyambe monga inu. Bambo anga anawoloka kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, nakathyola tiyi ku Thyolo, kenako anabwera ku Limbe kudzasenza mabelo a fodya. Tinkakhala ku Manja, nthawi imene kunali minda yambiri kuposa nyumba. Ndinalowa sukulu ndili wamtali kale, moti pamzere ndinkaoneka ngati mphunzitsi amene waiwala nsapato. Tinkalemba pasileti n'kufufuta ndi malovu, ndipo zimene wafufuta pasileti zinkafufutikanso m'mutu. Pulaimale sindinamalize. Ndinakakwera pamwamba pa lole kukhala wothandiza dalaivala.

Malole a masiku amenewo simungawayerekeze. Kuti lilire unkazunguza hendulo kutsogolo, ndipo ikabweza inkathyola mkono wa munthu ngati mzimbe. Ulendo wa ku Nsanje tinkatsanzikana ndi akunyumba ngati tikupita ku Joni. Kamba wathu anali makaka, chinangwa chouma chija, ndi kalongonda m'chitini. Kalongonda simumudziwa inu a tchipisi. Ndi nyemba zouma mtima zimene zimafuna kuphikidwa tsiku lonse ndi kutayidwa madzi kangapo, apo ayi zimakuzunguza mutu. Mayi anga ankati ine ndine kalongonda, ndidzapsa mochedwa. Sananame.

Ndinakhala dalaivala, kenako kapitawo wa madalaivala pa kampani ina ya katundu ku Limbe. Kapitawo sayankhidwa. Ukanena kuti lole ili lidzera msewu wa Chikwawa, limadzera kumeneko ngakhale mlatho utakokoloka. Chizolowezicho sichinkatsala pageti la kampani, ndinkabwera nacho kunyumba pamodzi ndi buledi. Bambo anu a Fanuwelo ali ku sekondale ankathamanga ngati akuthawa moto. Mphunzitsi wawo wa zamasewera anabwera mpaka ku Manja kudzandiuza kuti mwanayu ali ndi miyendo, apitirize sukulu ndi kuthamangako, zidzamutengera patali. Ine ndinati miyendo ntchito yake ndi kuponda kilatchi, ndipo ndinawapezera malo kugalaja. Bambo anuwo anaweramitsa mutu n'kunena kuti chabwino bambo. Mawu amenewa muwasunge, tikumana nawonso kutsogoloku.

Zaka zitapita, pakampani panayamba kubwera tianyamata ta mapepala kudzakhala mabwana athu. Zinandiwawa. Ndinayamba sukulu ya madzulo ndili ndi ana aakulu kale, ndipo mayeso a Fomu 4 ndinawalemba kangapo, masamu akundigwetsa ngati mwana wophunzira njinga. Agogo anu aakazi ankati ndikadzakhoza adzavina tchopa pamsewu. Nditakhoza anavinadi, koma kuseri kwa nyumba. Kenako kunabwera mwayi wa anthu achikulire wolowera ku yunivesite, ndipo ndinatengedwa kukaphunzira za kayendetsedwe ka malonda, imvi zitayala kale mutu wonse.

Tsiku loyamba mlonda wa pageti anandilozera kumene amadikira makolo. Nditalowa m'kalasi, ana onse anakhala chete n'kutulutsa zolembera, kuganiza kuti lekichala wafika. Nditakhala pampando pakati pawo, mtsikana wina anandinong'oneza kuti mpando wanga uli kutsogolo uko. Ndinamuonetsa kope langa latsopano, ndipo anagwira pakamwa.

Tadala, malo amenewo ukawaona wekha, koma ine anandizunguza kuposa kalongonda wosapsa. Ndinkaganiza kuti yunivesite ndi malo a chete ngati tchalitchi pakati pa sabata. Ayi ndithu. Makoma onse anali mapepala: uku akuyitanira mtsutso, uku kwaya, uku zisudzo, uku karate, uku mapemphero a mitundu yonse. Madzulo kubwalo kunkamveka wenzulo, kuholo ng'oma, ndipo mulaibulale ana ankagona pamabuku ngati pamitsamiro. Ine ndinkangoyenda pakati pa zonsezo ndi chikwama changa cha chikopa.

Ana aja anandipatsa dzina loti Bambo. Chikwama ankandinyamulira. Pamzere wa chakudya ankandipatsa malo. Ndikalowa pamene akucheza, ankatsitsa miyendo pamatebulo n'kusintha nkhani. Ine ndinkakondwa nazo, ndipo ndinkauza agogo anu kuti anthu amanamizira ana a masiku ano, ulemu ali nawo.

Chaka chachiwiri tinali ndi phunziro la kafukufuku, lija lofunsa anthu mafunso n'kusandutsa mayankho awo kukhala manambala. Ankaphunzitsa mayi wina wamng'ono, wobadwa pambuyo pa bambo anu. Anatigawa m'magulu. M'gulu langa munali Yamikani, mnyamata wa ku Ndirande wosatha nthabwala, ndi Asiyatu, mtsikana wa Chisilamu wa ku Naperi, wa mpango kumutu ndi mawu otsika ngati akuopa kudzutsa khanda. Munalinso ena awiri amene ankaoneka pa tsiku lolembetsa mayina lokha.

Za Asiyatu anandiuza ndi Yamikani. Bambo ake anali dalaivala wa mathiraki a kunja, ndipo anamwalira iye ali ku sekondale. Ankamusunga ndi amalume ake, a sitolo ya nsalu ku Limbe, amene sankaona chifukwa choti mtsikana azikalambira m'kalasi. Anamulola kupita, koma anamuuza kuti akadzangolakwa phunziro limodzi, abwere kusitolo adzayeze nsalu, nkhani ya yunivesite ithere pomwepo. Tsono mayeso apakati a phunziro limeneli Asiyatu sanachite bwino, chifukwa anali atadwala malungo. Chotsala chomupulumutsa chinali ntchito ya gulu ija. Ine ndinkadziwa zimenezi, ndipo ndinadziuza kuti mwana wa dalaivala mnzanga sangagwe ine ndilipo.

Ntchito imene tinapatsidwa inali yofufuza madandaulo a anthu okwera minibasi pakati pa Limbe ndi m'tauni. Nditamva mutuwo ndinaseka chamumtima. Msewu umenewo ndinauyenda ana amenewa asanabadwe, nthawi ya mabasi osanjikizana aja amene tinkalimbirana kukhala pamwamba. Lekichala anati tipite m'masiteji osiyanasiyana, pa nthawi zosiyanasiyana, tikafunse okwera popanda kusankha nkhope. Titatuluka ndinauza anzangawo kuti asavutike kuyima padzuwa, ine ndikudziwa kopita.

Ndinapita kutiyirumu ina ku Limbe kumene amamwera tiyi madalaivala. Ambiri anali anyamata anga akale. Ndinawafunsa chimene okwera amadandaula, ndipo onse anagwirizana kuti okwera alibe dandaulo, vuto ndi maenje a mumsewu ndi kukwera kwa mafuta. Ndinadzaza mapepala onse tsiku limodzi, tiyi akubwera wina pambuyo pa mnzake.

Nditawayala mapepalawo patebulo la mulaibulale, Asiyatu anayang'ana Yamikani, Yamikani anayang'ana kudenga. Kenako mtsikana uja anati, motsitsa, koma a lekichala anati tifunse okwera. Ine ndinaseka. Ndinati wokwera amadziwa chiyani za minibasi, iye ntchito yake ndi kukhala pansi n'kutsika. Asiyatu anangonena kuti chabwino bambo.

Tisanapereke ntchito yomaliza, gulu lililonse linkakaonetsa lekichala zimene lachita kuti awongole. Mayi uja anawerenga zathu nthawi yayitali. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anayang'ana imvi zanga.

“Mwayesetsa, bambo,” anatero. “Mwina mukapeza mpata mungawonjezereko pang'ono maganizo a okwera.”

Ine ndinamva mawu oyamba okhawo. Mpata ndinalibe, ndipo munthu amene wayesetsa amawonjezeranso chiyani? Ndinatengera ana aja kwa mayi wogulitsa zitumbuwa kunja kwa geti kuti tisangalale. Yamikani anadya zake ndi za Asiyatu, chifukwa Asiyatu anati sakumva njala.

Sabata yotsatira inali ya masewera. Makalasi ankapikisana pa mpira wa miyendo, wa manja, kuthamanga, kukokana chingwe, chilichonse. Kalasi yathu inkakumana ndi ana a zomangamanga, ndipo goloyi wathu anali atapita kumaliro ku Mwanza. Ndinapeza anyamata a timu yathu akukambirana pansi pa mtengo. Ndinati musadandaule, ine ndinali goloyi ku Manja. Sindinaname, koma sindinanene kuti unali mpira wachikulunga, wa masanza ndi luzi, ndipo golo lake linali miyala iwiri. Panali mnyamata wina wamtali amene anali atavala kale magolovesi. Anawavula n'kundipatsa ndi manja awiri. Jezi inakana kutsika pamimba, ana atatu anachita kukoka. Apo ndi pamene Yamikani anajambula chithunzi chimene mumasekachi. Muone bwino nkhope yanga pamenepo, mpira unali usanayambe.

Asiyatu anali kaputeni wa timu ya mpira wa manja ya atsikana, ndipo tsiku limenelo anayima m'mbali mwa bwalo kuchemerera anyamata. Ana inu, sindinamuzindikire. Mwana wa mawu otsika uja anali ndi kukhosi kwa woyitanira minibasi. Ankathamanga m'mbali mwa mzere, mpango ukuuluka, akutchula aliyense dzina ndi kumuuza chimene ali.

Chigoli choyamba mpira unabwera pang'onopang'ono, wokwawa, ngati ukufunsa njira. Ndinawerama kuti ndiutole, koma msana unafika mochedwa, ndipo unadutsa pakati pa miyendo yanga. Bwalo lonse linaona. Asiyatu anakuwa kuti iwe Yamikani, miyendo yakoyo ndi ya tebulo, wamusiyiranji munthu kuti amenye? Yamikani anali kutali ndi mpirawo, mbali ina ya bwalo, koma anakweza dzanja kupepesa. Chachiwiri mpira ndinaugwira, kenako unandipulumuka ngati sopo n'kugubuduka kulowa. Asiyatu anatembenukira woyimbira, kumufunsa ngati wenzuloyo anabwereka kuukwati. Chachitatu ndinadziponya kumanzere mpira utalowa kale kumanja. Mnyamata amene anagoletsayo sanathamange kukondwera. Anabwera kudzandidzutsa, kundisasa fumbi, n'kunena kuti pepani bambo. Zigoli zina zotsatira sindikuuzani, ndinu ana oipa, mungakazilembe pafoni.

Mnyamata wamtali uja anali atakhala pambali nthawi yonseyo, manja ali pamutu, ndipo palibe amene anati alowe. Mpira utatha, timu yonse inabwera kwa ine mmodzimmodzi, aliyense kundipatsa dzanja atagwira chigongono. Womaliza anali Asiyatu, mawu atasasa. Anapinda maondo pang'ono.

“Mwayesetsa, bambo.”

Ndinayima pamenepo magolovesi ali m'manja. Mawu omwewo, katchulidwe komweko, maso oyang'ana pambali omwewo a lekichala uja. M'kalasi sindikanatha kuona mpira ukudutsa pakati pa miyendo yanga, chifukwa za kafukufuku sindinkazidziwa. Koma pabwalo ndinauona ndi maso anga. Mu minibasi yopita ku Nancholi madzulo amenewo ndinadutsa siteji yanga, kondakitala anachita kundikumbutsa.

Lolemba ndinawayitana Yamikani ndi Asiyatu. Ndinati nenani zoona, ntchito yathu ili bwanji? Anati ili bwino bambo. Ndinakweza mawu, ndinati ndikukulamulani kuti munene zoona. Ukapitawo uja unatuluka wokha. Yamikani anayimirira ngati ali pa perete, Asiyatu anayang'ana zala zake, ndipo onse anabwereza kuti ili bwino ndithu. Ndinaona kuti ndikamakankha chitsekocho chikutsekeka kwambiri. Masiku opereka ntchito anali atayandikira, ndipo ine sindinkadziwa ngakhale pamene panali bowo.

Loweruka la sabata imeneyo linali tsiku la chikhalidwe. Inu mumati zimenezi ndi zachikale, koma mukanaona ana a yunivesite atavala zikopa pamwamba pa majini, akuvina tchopa fumbi kuti kobo. Ng'oma zake zinandigwira pachifuwa, chifukwa bambo anga ankaziyimba, ngakhale ku Limbe ankabisa kuti ndi Mlomwe poopa kusekedwa. Kunali manganje, kunali ingoma, kunali beni wa anyamata ovala makhaki ndi mamendulo a zitsekerero za mabotolo. Atsikana ankagulitsa thobwa, chigumu, ndi kalongonda amene ndinamulawa n'kupeza kuti anamuphika bwino, kaya anawaphunzitsa ndani.

Pafupi ndi a beni ndinamva mawu a pabwalo la mpira aja. Ndinatembenuka. Asiyatu anali atayima pamaso pa nkhalamba ina ya mkanjo woyera ndi kachisoti, yokhala pampando ndodo ili pakati pa miyendo. Ankaikalipira. Akuti jekete mwamanga mabatani mopingasa ngati mwavalira mumdima, akuti ndakuonani mukuthira shuga wina muthobwa, mukufuna mufe ndisanamalize digiri kuti ndikwatiwe ndi ndani? Nkhalambayo inkaseka mano ochepa amene inali nawo, ikuuza anthu oyandikana nayo kuti taonani mkazi wanga wolongolola, ndimusiya chaka chino, ndikatenga wina ku Mangochi.

Ndinakumbuka agogo anga a ku Thyolo, obereka mayi anga, amene tinkawabisira fodya wawo n'kuwauza m'maso kuti nyimbo zawo n'zosakoma. Bambo anga sindikanayerekeza kuwauza ngakhale kuti ali ndi udzu m'tsitsi.

Asiyatu atandiona, mawu anabwerera m'thumba. Anapinda maondo n'kunena kuti bambo, awa ndi anganga anga, Che Amini. Anganga ndiye agogo kwa anzathu a Chiyao, mukudziwa. Anandipezera mpando, iye n'kupita kukathandiza anzake kugulitsa thobwa. Tinacheza ndi Che Amini, ndipo zinapezeka kuti nawonso anayendetsapo mabasi akale. Anandionetsa dzanja limene hendulo inawapinda. Anthu awiri amene anazunguzapo hendulo sabisirana kanthu, choncho ndinawafotokozera zonse: za mpira, za mapepala a kutiyirumu, za sitolo ya nsalu imene inkadikira mdzukulu wawo.

Za sitoloyo ankazidziwa, ndipo nkhope yawo inagwa. Anati mwana wawo wa ku Limbeyo, amalume ake a Asiyatu, akanena wanena, ndipo iwo sangamutsutse pamene akudya za m'manja mwake. Kenako anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

“Vuto ndi inu, akulu. Mwalowa m'kalasi ngati bambo. Bambo sauzidwa kuti buluku lang'ambika kumbuyo, amayenda nalo choncho mpaka kumsika. Amene amauzidwa ndi gogo.”

Ndinati tsono ndichite bwanji, ndingodzuka n'kuyamba kutchula mwana wa eni kuti mkazi wanga pakati pa yunivesite? Angandiyitanitse ku ofesi. Iwo anati n'chifukwa chake zinthu zimenezi munthu sadzipatsa yekha, amachita kupatsidwa. Anakodola Asiyatu ndi ndodo. Atabwera, anagwira dzanja langa n'kuliyika pabondo pawo.

“Iwe, uyu kuyambira lero si bambo ako. Ndi mnzanga, nganga wako wachiwiri. Ndamubwereka mpando wanga, koma asandilande mkazi. Tamuvula chipewacho.”

Mwana uja anazengereza, akuyang'ana uku ndi uku. Nkhalamba inagogoda ndodo pansi. Anatambasula dzanja, anachotsa chipewa changa, ndipo Che Amini anamuuza kuti achivale pamwamba pa mpango. Atachivala, iwo anati tsono tiuze, mnzangayu mpira anasewera bwanji?

Asiyatu anagwira pakamwa. Mapewa anayamba kugwedezeka. Kenako kuseka kunaphulika, kuseka kwa masiku onse aja, mpaka anagwira mpando kuti asagwe.

“Anganga, nkhuku yonyowa ikanagwirako umodzi.”

Tinaseka tonse atatu, ine ndikumva kuwawa ndi kupepuka nthawi imodzi, ngati potumbula chithupsa. Kuseka kutachepa ndinafunsa kuti nanga kafukufuku wathu. Misozi imene inali m'maso mwake inali ya kuseka, koma imene inatsatira sinali ya kuseka.

“Ndi wowola, anganga. Mwakafunsa afisi ngati mbuzi zikudandaula. Tikapereka mmene alilimu, ine ndikukayeza nsalu.”

Chipewa sanandibwezere tsiku limenelo. Ndinapita kwathu imvi zili pamtunda, ndipo agogo anu anafunsa ngati ndaberedwa.

Lolemba Asiyatu anauza Yamikani kuti Bambo anamwalira, amene alipo ndi anganga. Yamikani sanachedwe kuzolowera, ngati ankangodikira. Tsiku lomwelo anandiuza kuti ndimalemba pa kompyuta ngati nkhuku yotola mapira, ndipo chikwama changa ndizinyamula ndekha kuti mimba ichepe. Amene anagawa ntchito anali Asiyatu. Tinayamba pachiyambi, masiku atatsala ochepa. Iye anatenga siteji ya m'tauni, Yamikani ya pachipatala chachikulu, ine ananditumiza ku Limbe m'mamawa, nthawi ya chiperoni, kamvula kosalekeza kaja kakulowa m'khosi. Anyamata oyitanira amene ankandidziwa ankakuwa kuti madala mwayamba kalembera, ena kuti akuchotsani ntchito kodi. Ndinawasiya.

Tsiku loyamba ndinabwera ndi mapepala onyowa koma odzaza. Asiyatu anawaona n'kundibwezera. Onse amene ndinawafunsa anali amayi a msinkhu wanga, chifukwa ndi amene ankayima ndikawapatsa moni. Anati anganga, tinakutumani kukafunsa, osati kukafunsira, mawa mubwerereko. Anandiphunzitsa kuti ndiziwerenga anthu otsika, ndikafika pa nambala imene tagwirizana ndifunse ameneyo, kaya ndi mwana wa sukulu, kaya ndi woledzera, kaya ndi wa tayi wothamangira ku ofesi. Ndinabwerera.

Zimene ndinamva pasiteji paja zinandichititsa manyazi. Anthu ankadandaula za minibasi yooneka yodzaza, iwe n'kukwera, kenako theka la okhalamo n'kutsika chifukwa anali oyitanira ongokhalamo kuti akope anthu. Ankadandaula zotsitsidwa panjira n'kugulitsidwa kwa minibasi ina ngati matumba a chimanga. Mayi wina anati anakhalira ntchafu imodzi kuchokera ku Limbe mpaka m'tauni ali ndi pakati, ndipo atadandaula kondakitala anamuuza kuti agule yake. Zaka zonse zimene ndinakhala pamsewu, zimenezi sindinazimvepo. Ndinkakhala kutsogolo, ndipo kutsogolo mawu a kumbuyo safika.

Tsiku lofotokoza ntchito pamaso pa kalasi, amene analankhula anali Asiyatu. Poyamba ndinkafuna kulankhula ine monga wamkulu, koma anandiuza kuti Chingerezi changa chimayenda ndi hendulo. Ntchito yanga inali kudina batani la kompyuta kuti zithunzi zisinthe, ndipo ndinadina chobwerera kawiri. Yamikani ananena mokweza kuti anganga, kutsogolo, si livesi, kalasi yonse n'kugwa ndi phwete. Lekichala uja anayesa kudziletsa koma analephera. Titamaliza anafunsa mafunso ovuta, Asiyatu anayankha, kenako mayi uja anandiyang'ana.

“Bambo, kapena nanenso ndiziti anganga? Tebulo lachiwirili mwapanga ndinu eti? Mwalitembenuza, za m'mawa zili pa za madzulo. Mukakonze lero.”

Sindinayambe ndakondwerapo ndi kudzudzulidwa ngati tsiku limenelo. Ndinakakonza.

Sitinakhale oyamba, musaganize kuti ndi nthano. Magulu ena anatiposa. Koma tinakhoza, ndipo malikisi ake anakwana kumukweza Asiyatu pamwamba pa mzere. Kusitolo ya nsalu ankapitako patchuthi pokha, kukathandiza. Anamaliza digiri yake, ndipo ndi mayi uja amabwera kuno nthawi ya Idi ndi mbale ya mpunga, amene amandilanda shuga patebulo inu n'kumaseka. Che Amini anamwalira chaka chathu chomaliza. Ndinapita ku Naperi kukaperekeza, ndipo anzathu aja amayenda mofulumira ndi maliro, moti ndinafika kumanda ndili womaliza, ndikupuma ngati lole pa chitunda cha Thyolo. Mpando umene anandibwereka sanabwere kudzautenga.

Tadala, ukapita kumeneko usakakhale wa m'kalasi ndi kuhositelo basi. Ukalowe kwaya, kaya mtsutso, kaya mpira, ngakhale uli ndi miyendo ya agogo ako. Ine zimene zinandipulumutsa sindinazipeze mulaibulale. Ndipo ukakapeza nkhalamba m'kalasi mwako, chikwama uyinyamulire ngati ukufuna, koma magolovesi usayipatse.

Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene chandikhazika pansi kulemba zonsezi.

Tsiku lolandira digiri anamanga matenti pabwalo lomwe lija ndinagwa. Agogo anu anabwera ndi chitenje chatsopano, ndipo ulendo uno analuluta pagulu. Bambo anu a Fanuwelo anatseka galaja n'kubwera atavala shati yoyera, m'zikhadabo muli mafuta amene satuluka ngakhale ndi sopo wanji. Mwambo utatha ndinawasowa. Ndinawapeza kumapeto kwa bwalo, kumene kuli mizere yoyera ya othamanga. Anali atayima phazi limodzi lili pamzere, akuyang'ana kumene mizereyo ikukhotera. Sanandimve ndikubwera. Nditawatchula dzina anadzidzimuka, anachotsa phazi lija msanga, anandiyang'ana mu gauni yanga ndi chisoti cha ngodya zinayi. Anandipatsa dzanja atagwira chigongono.

“Mwayesetsa, bambo.”

Zaka zapita, ndipo sindikudziwabe kuti anali mwayesetsa uti. Mwina anali weniweni. Mwina anali wa pagolo. Ndayesapo kuwafunsa za masiku aja a ku sekondale, koma amayimirira ndikalowa, ndipo amati zonse zinali bwino. Kwa iwo ndine bambo, ndipo palibe Che Amini amene angandibwereke mpando pamaso pa mwana wanga wobala ndekha.

Koma inu mumadya nawo mbale imodzi, ndipo ndaonapo Chisomo akuwaseka mpaka iwo kugwetsa sipanala. Tsiku lina akadzakhala pansi pa galimoto, manja ali otanganidwa, mudzawafunse za kuthamanga. Musadzanene kuti ndakutumani. Zimene adzayankhe mudzabwere nazo kuno ku Nancholi mmene zilili, osathira shuga. Inu mukhoza kundiuza. Chipewa chili pa msomali kuseri kwa chitseko, amene adzayambe kufika adzachivale.